Za mnyamata wa zaka 17 amene anawina Grand National, chaka chomwecho n'kuthyoka msana

Nachisale (Newbury):
Abale mwaswera bwanji nonse. Pali nkhani yandikhala pamtima sabata yonseyi ndiye ndati ndiitule pano, poti pagulu pano pali anthu a ku Liverpool ndi ku Ireland mwina mukuidziwa kuposa ine. Mwezi uno andiika mbali ya ku Lambourn, kamudzi kena kufupi ndi kuno komwe anthu ake moyo wawo ndi mahatchi basi, ukafika cha m'ma 7 m'mawa umayima ndi galimoto kudikira kuti adutse kaye, ali pamzere ngati ana opita ku sukulu, nthunzi ikutuluka m'mphuno ndi kuzizira, okwerawo ena ndi tiatsikana tating'ono zedi. Ndiye pali agogo ena aamuna omwe ndimakawasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala. Pabalaza pawo pamwamba pa hita pali chithunzi chakale kwambiri, kahatchi kakang'ono, pamsana pake mnyamata wamtali woonda miyendo ngati ikufuna kukhudza pansi. Ine ndimaona ngati ndi iwowo ali anyamata. Nditafunsa anati ayi mwanawe, uyu ndi Bruce Hobbs, hatchiyo ndi Battleship, chaka chake 1938. Mnyamatayo anawina Grand National ali ndi zaka 17 ndi miyezi itatu, ndipo mpaka lero palibe wamng'ono kuposa iyeyo amene anawinapo. Bambo ake a Reg Hobbs ndi omwe ankaphunzitsa hatchiyo ku Lambourn komweko. Koma chimene chandipweteka, chaka chomwecho chisanathe mwanayo anagwa pa mpikisano wina n'kuthyoka fupa la msana. Ntchito yomwe anabadwira inasokonekera pomwepo pomwe imayamba. Alipo anamumvapo munthu ameneyu?

Make Tada:
Ine ayi asisi, ndiyamba kumva lero. Komanso Grand National yo ndi chani kwenikweni, ndimangomva azungu kuntchito akusonkha ma paundi awiri awiri mu April aliyense n'kutola kapepala kadzina la hatchi

Angoni a ku Liverpool:
Make Tada imeneyo ndi ya kwathu kuno ku Aintree, ndagwirako ganyu ya ugadi zaka zitatu zotsatizana nthawi ya mpikisanowo. Mahatchi othamanga alipo a mitundu iwiri. Ena amangothamanga pabwalo losalala, ena amathamanga uku akulumpha mipanda, ndiye ma jockey a olumphawa ndi amene asisi akunena. Grand National ndi mayi wa yonse, mtunda wake pafupifupi makilomita 7, kuzungulira kawiri, kulumpha ka 30. Mipandayo si mipanda wamba ayi, amaikuta ndi nthambi za mitengo ya spruce, ukaima pafupi umamva fungo ngati uli ku Chikangawa. Tsiku lina m'mawa anthu asanalowe ndinayenda wapansi mpaka pa mpanda wotchedwa Becher's Brook, mbali yomwe hatchi imanyamukira mpanda umaoneka wabwinobwino koma kuseri komwe imatera nthaka ndi yotsika, ndiye hatchi imaponya miyendo kufuna pansi koma pansipo palibe pomwe imayembekezera. Masiku ano anakwirirako pang'ono kuti ngozi zichepe, mu 1938 kunali phedi lenileni. Wina ndi The Chair, wautali kupitirira mafiti 5 ndipo kutsogolo kwake kuli dzenje, ine ndinaima pamenepo unandifika m'khosi. Mwana wa zaka 17 kulumpha zimenezo pakati pa mahatchi oposa 30 akuwombana, eish. Dzina la Hobbs ndinaliwonapo pa bolodi la owina koma zoti anathyoka msana sindimadziwa.

Nachisale (Newbury):
Angoni mwafotokoza bwino. Agogowa nkhaniyi amaiyala ngati analipo chonsecho anali asanabadwe, anaimva kwa bambo awo omwe ankagwira m'makola a ku Lambourn nthawi imeneyo. Battleship inali hatchi ya ku America, mwana wa Man o' War yomwe kumeneko amaiona ngati mfumu ya mahatchi onse, mwini wake mayi wachuma Marion duPont Scott. Inali itawina kale Grand National ya ku America mu 1934, koma pofika 1938 inali ndi zaka 11, yaifupi osafika ndi mita 1.6 yomwe paphewa, ndiye anthu ankati mipanda ya ku Aintree siiwona n'komwe kuseri kwake. Ngakhale a Reg eni akewo ankakayika zoiyika mumpikisano, mayi aja ndi omwe anaumirira. Obetcha anaiyika pa 40/1, kutanthauza palibe ankaiwerengera. Panjira mnyamatayo anatsala pang'ono kugwa, jockey mnzake Fred Rimell amene amathamanga pambali pake anatambasula dzanja n'kumukokera pachishalo, munthu amene akupikisana naye tangoganizani. Pomaliza anatsala awiri, Battleship ndi hatchi ya ku Ireland Royal Danieli, imodzi mbali iyi ya bwalo ina mbali iyo, ndipo Battleship inapambana ndi mutu wokha. Yachitatu inali Workman yomwe inadzawina chaka chotsatira. Agogo akafika apa amagunda patebulo mpaka tiyi kutayika. Chaka chomwecho mwanayo anawinanso Welsh National ku Cardiff pa hatchi ina Timber Wolf, kenako anawoloka nyanja kukawinanso wina ku Long Island ku America komwe anabadwira mu December 1920. Zonsezo chaka chimodzi, kenako msana.

Make Tada:
Ine monga kholo nkhaniyi ikundiwawa mwina. Bambo wanzeru zake angaike bwanji mwana wake pa chinthu chomwe iye mwini akuchikayikira? Wanga Tada ali ndi zaka 17 pompano, ngakhale njinga yamoto sindingamulole. Ndalama za mayi wachuma, ulemu wa bambo, koma msana wothyoka wa mwana. Pepani koma ine sindikuonapo chosangalatsa

Phiri wa Randjes:
Mayi mundilole ndiyankhepo, ine ndimagwira m'khola la mahatchi kuno ku Joni chaka cha 9 tsopano, timadzuka 4 koloko kuchotsa ndowe, kupesa, kumanga zishalo. Zomwe mukunena ndi zoona mbali ina koma mwana wobadwira m'khola si ngati Tada wanu. Ana a mabwana athu amakwera asanadziwe kuwerenga, pofika zaka 15 manja awo amadziwa pakamwa pa hatchi kuposa ife akuluakulu. Kuno sukulu ya ma jockey ya ku Summerveld kufupi ndi Durban imatenga ana a msinkhu womwewo. Mwana wotero ukamuletsa ndiye wamupha. Ndipo hatchi imasankha munthu, ilipo ina kwathu kuno aliyense akakwera imavuta koma kamnyamata kena kakangokhala pamsana imagwetsa makutu n'kumayenda ngati mwana wankhosa. Mwina a Reg anaona kuti kahatchi kakang'ono kaja kakumvana ndi mwana wawo. Komano kunena zoona chinyama chimenechi ndi makilo pafupifupi 500, ine chinandiponda phazi chikungotembenuka m'khola zala ziwiri zinaphwanyika, nanga chikakugwera chikuthamanga? Kuno kulibe zolumpha mipanda, ndi zosalala zokha, koma tikamaonera za ku England pa TV ya m'chipinda cha zishalo anyamata onse amangoti zii mpaka aone kuti wagwayo wadzuka.

Make Tada:
Ndamva achimwene, pepani ndi phazilo. Koma mtima wanga sukuvomerabe

Jere Leeds:
Chimene simunatchule ndi sikelo. Asisi mwati anali wamtali eti? Ndiye olo msana ukanapanda kuthyoka sakanapita patali. Hatchi yopepukitsidwa kwambiri pa mipikisano yolumpha imanyamula ma stone 10 ndi pang'ono, ndi makilo 64 kapena 65 amenewo, ndipo mmenemo muli munthu, chishalo, nsapato, zonse. Munthu wa mafiti 6 kuti akhale ndi thupi limenelo ndiye kuti chakudya ndi mdani wake. Amakhala mu bafa lotentha kutulutsa thukuta, tsiku lonse tiyi ndi kabisiketi. Ryan Mania wa ku Scotland anawina Grand National 2013 pa Auroras Encore 66/1, mawa lake lomwelo anagwa ku Hexham mpaka kumunyamula pa helikopita, ndipo chakumapeto kwa 2014 anasiya ali ndi zaka 25 zokha, chachikulu chinali kulimbana ndi sikelo. Anadzabwereranso 2019. Wina David Mullins anawina 2016 ali ndi zaka 19 pa Rule The World, pofika January 2021 anati basi ndasiya, zaka 24, palibe anamuthamangitsa. Ntchito imeneyi imadya munthu mwachangu.

Nachisale (Newbury):
A Jere zoona, anali wopitirira mafiti 6. Ndipo za chakudyazo ndikuziona ndi maso anga, ndifotokoza ndikatsika shifiti

Bwande:
Ine ndinene chilungamo pano. Ndimabetcha mahatchi pafupifupi Loweruka lililonse kwa zaka zambiri, mayina a mahatchi ndimawadziwa, koma nkhani ya asisiyi yandichititsa manyazi. Hatchi yanga ikagwa ndimangokwinya kapepala n'kutaya, kutukwana, maso ali kale pa mpikisano wotsatira. Kamera imapitirira ndi omwe akuthamanga, wagwayo sakuwonetsanso, ndipo ine sindinadzifunsepo kuti kodi munthu uja wadzuka? Tsiku lina ndinapita ku Wetherby ndi anzanga a kuntchito ndiye ndinaona ndi maso, ambulansi zimathamanga kumbuyo kwa mahatchi mpikisano wonse, ntchito yanji yomwe ambulansi imakutsatira ukamagwira. Wina atagwa anabwera ndi zinsalu zobiriwira n'kutchinga kuti anthu asaone. Anthu ambiri anali atathamangira kale kukatenga ndalama zawo.

Mai Busa:
A Bwande ndathokoza kuti mwanena nokha. Za kubetchazo tidzakambirana kumbali, apa tisasokoneze nkhani ya achemwali

Bwande:
Chabwino mayi, ndamva

Chisale wa ku Kildare:
Moni nonse, ndachedwa kuiona. Kuno ku Ireland mahatchi olumpha ndi ngati mpira kwathu, mudzi uliwonse uli ndi mnyamata wake amene akukwera. Zomwe mukunena ngati zakale za 1938 zikuchitikabe. February 2025 tinataya Michael O'Sullivan, mnyamata wa ku Cork wa zaka 24. Anagwa pa mpanda womaliza ku Thurles pa 6 February, anakhala masiku khumi ku chipatala ku Cork osatsitsimuka, pa 16 anamwalira. Anali wophunzira bwino mpaka ku yunivesite, akanatha kugwira ntchito ina iliyonse. Mu 2023 anawina kawiri tsiku limodzi pa mipikisano ikuluikulu ya ku Cheltenham ku England, pa Marine Nationale ndi Jazzy Matty. Ndiye mwezi umodzi chimwalirireni, March 2025 ku Cheltenham komweko, mahatchi awiri omwewo anawinanso tsiku limodzi ndi okwera ena. Ndinali pa shifiti ku nyumba ya okalamba, TV ili pabalaza, azigogo omwe ena sakumbukira ndi mayina a ana awo omwe anali kulira misozi, namwino wathu wachi Irish anatuluka panja. Ndiye Make Tada mantha anu ndi oona. Koma a Phiri nawonso akunena zoona, banja la mnyamatayo ndi la mahatchi, bambo ake anakwerapo, ndipo mng'ono wake amakweranso.

Make Tada:
Mayo ine. Mzimu wake uuse mumtendere. Makolo akewo kaya akupirira bwanji

Angoni a ku Liverpool:
Ndikuikumbuka imeneyo a Chisale. Komano tibwerere kwa Hobbs, asisi mwatisiya m'malere, atathyoka msana zinatha bwanji? Anakhala pa njinga ya olumala?

Nachisale (Newbury):
Ndafika kunyumba tsopano. Ayi Angoni, msana unapola ndipo anayendanso. Koma mwaona chaka chake, 1939 nkhondo yachiwiri inayamba, iye analowa usilikali ku Yorkshire Dragoons, anakamenya nkhondo kumpoto kwa Africa mpaka kulandira mendulo ya Military Cross chifukwa cha kulimba mtima. Pobwerako anali ndi zaka 25, thupi litakula, za ujockey zinali zitapita. Analowa mbali ya bambo ake yophunzitsa mahatchi, zaka zambiri ali wachiwiri kwa ena, makamaka kwa Cecil Boyd-Rochfort ku Newmarket amene ankasunga mahatchi a Mfumukazi. Kenako anakhala ndi khola lake ku Palace House ku Newmarket komweko, mahatchi a pabwalo losalala osati olumpha. 1980 anawina Irish Derby ndi hatchi yotchedwa Tyrnavos, anapuma 1985, anamwalira November 2005 ali ndi zaka 84. Khola lake lija pano ndi nyumba yosungiramo mbiri ya mipikisano ya mahatchi.

Jere Leeds:
Aaa ndiye munthuyu sanavutike asisi. Ine ndimaganiza kuti tikulira munthu amene anathera pa msewu. Anagwa inde koma anagwera pa matiresi, bambo trainer, anzake a bambo ma trainer, dzina lake lodziwika kale. Ambiri amene amagwa alibe zimenezo.

Phiri wa Randjes:
A Jere matiresi ake ati, msana ndi msana. Ine ndaona ma jockey osiya, olo akhale ndi ndalama amabwera m'mawa kudzaima pa njanji kuonera anzawo akuthamangitsa, maso ali ngati munthu wamasiye. Munthu anakhala zaka 67 pambuyo pa tsiku limenelo, kulikonse akapita akumufunsa za mphindi khumi zomwe anachita ali mwana

Nachisale (Newbury):
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo a Jere mwafika pomwe ine ndimafuna kufika. Chifukwa chomwe nkhaniyi yandigwira si Hobbs yekha, ndi agogo omwe amasunga chithunzi chake. Dzina sinditchula ndipo musandifunse. Nawonso anali jockey wolumpha mipanda, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kulowa m'ma 1960, koma palibe buku lomwe mungawapezemo pa tsamba loyamba. Analowa m'khola atangosiya sukulu, bambo awo wantchito wamba, ankagona pamwamba pa khola ndi anyamata anzawo. Anakwera zaka zinayi kapena zisanu basi, akuti mahatchi omwe ankapatsidwa ndi aja ma jockey akuluakulu awakana, osadziwa kulumpha, aukali, ndiye wamng'ono ukakana mawa sakuitananso. Amakwera sitima ulendo wa tsiku lonse kukakwera hatchi imodzi, kugwa pa mpanda wachiwiri, kubwerera usiku ndi matope m'makutu, m'mawa 5 koloko ali ndi foloko m'manja kuchotsa ndowe. Zomwe anawina amaziwerenga pa zala ndipo amakumbukira dzina la hatchi iliyonse, nyengo yake, mpaka mtundu wa malaya omwe anavala. Tsiku lomaliza hatchi inawagwera n'kuphwanya chiuno. Palibe anawalipira kalikonse. Atachira bwana yemweyo anawabwezera pa foloko ndi wilibala, ndipo anakhala pamenepo mpaka ukalamba, kumangira ana a eni ake zishalo.

Ndikamawasambitsa ndimaona zonse. Mafupa a m'khosi awa onse awiri ali ndi mfundo ngati nzimbe, akuti lililonse linathyoka kangapo ndipo ena ankangomanga ndi nsalu n'kukweranso. Phewa lamanja silikwera, malaya ndimayambira mkono umenewo. Zala zokhota. Mwendo wina waufupi. Ndipo a Jere za sikelo zija, munthu wa zaka za m'ma 80 koma tositi amadya theka, batala ayi, ndikawaikira mbatata ziwiri imodzi amaikankhira pambali, m'bafa muli sikelo ndipo m'mawa uliwonse amafuna ndiwagwire mkono akwerepo. Poyamba ndinkalimbana nawo kuti agogo idyani, ndinalemba mpaka mu buku la malipoti kuti sakudya bwino. Pano ndamvetsa kuti njala imeneyi anaiphunzira ali ndi zaka 15 ndipo sinawachoke.

Mai Busa:
Achemwali mwandiliza. Mulungu akudalitseni pa ntchito mukugwirayi, ndipo mwachita bwino kusunga dzina lawo. Chithunzi cha m'nyumba mwawonso musaike pano chonde, pagulu pali anthu ambiri

Nachisale (Newbury):
Ayi mayi sindingayerekeze, ndi ulemu wawo komanso ntchito ingandithere

Make Tada:
Ndiye mwaona zomwe ndimanena? Hobbs mmodzi, agogo ngati amenewa mazanamazana

Chisale wa ku Kildare:
Nthawi ya agogowo kunalibe chothandizira chenicheni, n'chifukwa chake anabwerera pa wilibala. Zinthu zinayamba kusintha 1964. Tim Brookshaw anathyoka msana ku Aintree kumapeto kwa 1963, patangopita miyezi yochepa Paddy Farrell nayenso anathyoka msana mu Grand National ya 1964, onse awiri kufa miyendo, Farrell ali ndi ana ang'onoang'ono. Anthu anasonkha ndalama zothandizira awiriwo, mmodzi mwa otsogolera anali John Lawrence amene anadzakhala Lord Oaksey, naye ankakwera komanso kulemba nyuzi, ndipo thumba limenelo ndi lomwe linakhala Injured Jockeys Fund. Asisi ku Lambourn komwe mukupitako kuli nyumba yawo, Oaksey House, anatsegula 2009, kuli ma physio ndi malo olimbitsira thupi. Sathandiza okwera a lero okha ayi, ndi akale omwe. Agogowo ngati anali ndi laisensi ya ujockey olo kwa zaka zochepa, abale awo atha kukafunsa.

Nachisale (Newbury):
A Chisale zikomo kwambiri!! Nyumba imeneyo ndimaidutsa tsiku lililonse osadziwa kuti ndi ya chani. Ine sindingapite ndekha, malamulo a kuntchito salola, koma ndiuza mwana wawo wamkazi amabwera Lamlungu komanso ndilemba kwa manijala wanga

Jere Leeds:
Izi ndiye zaphindu. Ine zikundikumbutsa mkulu wanga kumudzi, ankasewera mpira timu ina ya mu ligi yaikulu, bondo linaduka mtsempha ali ndi zaka 23, timu inamuperekeza ku chipatala kamodzi basi kenako foni osayankha. Pano amasoka nsapato pamsika, akamayenda amakoka mwendo. Nayenso ali ndi chithunzi pakhoma koma si chake, ndi cha osewera wina amene ankamusirira. Ndiye asisi mutati agogo amasunga chithunzi cha Hobbs osati chawo ndinangoti zii.

Bwande:
Koma n'chifukwa chani amasunga cha Hobbs? Bwanji osasunga cha AP McCoy, amene uja ndiye anali katswiri, anawina mipikisano 4,358, zaka 20 zotsatizana ali nambala wani mpaka kupuma 2015

Angoni a ku Liverpool:
McCoy yemweyo Grand National inamukana ka 14, anadzawina ulendo wa 15 mu 2010 pa Don't Push It ali bambo wa zaka 35. Mwana uja Hobbs anatenga ali ndi zaka 17 zokha. Aintree ilibe ulemu ndi dzina la munthu. Ndipo mbiri ya Hobbs ivuta kuiphwanya chifukwa pano salola aliyense, umayenera kukhala utawinapo kale mipikisano ingapo ya mipanda, mahatchi anawachepetsa kuchoka pa 40 kufika 34 kuyambira 2024. Amene anayandikira ndi James Bowen wa ku Wales, anawina Welsh National mu January 2018 ali ndi zaka 16 pa Raz De Maree, hatchi ya zaka 13, hatchi ndi mwana kusiyana zaka zitatu zokha. Koma ya ku Aintree ayi.

Phiri wa Randjes:
A Bwande McCoy ndi wa pa TV. Hobbs ndi wa m'mudzi mwawo, bambo awo anamuona akudutsa pa msewu womwewo. Ifenso kuno timanyadira hatchi ya khola lathu olo mwini wake sadziwa dzina lako. Ikawina amajambulidwa ndi bwana ndi jockey, iwe uli kumapeto kwa chithunzi wagwira chingwe, mwina akudula ndi mutu womwe, koma usiku umenewo sugona ndi chimwemwe chifukwa ndiwe unaidyetsa

Nachisale (Newbury):
Ndabwera ndi yankho a Bwande, lero ndinawafunsa ndikuwameta ndevu. Akuti chithunzicho sanagule iwo, chinali cha bambo awo, chinkakhala pamwamba pa moto m'nyumba yomwe anakulira, ndipo ali mwana ankachiyang'ana tsiku lililonse n'kumati nanenso ndidzalumpha Becher's. Ku Aintree sanakwereko ndi kamodzi komwe, anangopitako ulendo umodzi ataperekeza hatchi ya bwana, kuigwira chingwe pozungulira pabwalo kenako kuipereka kwa jockey wina. Ndinawafunsa ngati amadandaula kuti analowa ntchito imeneyi. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka sopo kuuma kumaso, kenako anayamba kundifotokozera za tsiku lina kukugwa mvula pa kabwalo kena kakang'ono, hatchi yomwe aliyense ankaiopa inawalumphira mipanda yonse osakhudza ndi umodzi womwe, akuti ankamva ngati iwo ndi hatchiyo ndi thupi limodzi, anamaliza achitatu. Achitatu abale, osati oyamba. Pofotokoza manja okhota aja anali atagwira zingwe zomwe palibe, zigongono zikuyenda. Funso langa sanayankhe ndipo sindinabwerezenso.

Make Tada:
Asisi ndilibe mawu. Maganizo anga pa ana sanasinthe koma agogowo muwapatse moni wochokera kwa mayi wina wa ku Malawi

Mai Busa:
Kodi amatha kutuluka panja kukaona mahatchi akamadutsa?

Nachisale (Newbury):
Chichokereni ku chipatala mwezi wa November sanatulukepo, pakhomo pali masitepe awiri ndipo njinga yawo ndi yolemera sindingaitsitse ndekha. Amangomva ziboda pa tara, akamva amandiuza kuti tsegula windo olo kukuzizira bwanji, ndipo amadziwa kuti awa ndi a khola lakuti pongomva nthawi ndi mbali yomwe akuchokera. Lachinayi timakhala awiri pa shifiti ya m'mawa, ndapempha kale kuofesi ngati tingawatulutse mpaka pageti mphindi khumi zokha, akuti ayankha mawa akalankhula ndi mwana wawo.

Phiri wa Randjes:
Akalola muwaveke bwino, ndipo muime kumbali osati pafupi kwambiri ndi msewu, mahatchi aang'ono amadzidzimuka ndi njinga ya olumala akaiona koyamba. Bulangete lisakhale lomauluzika ndi mphepo. Mukaona wotsogolera mzere mumukweze dzanja adziwe kuti mulipo

Nachisale (Newbury):
Zikomo achimwene, zimenezo sindikanaziganiza. Mzere woyamba umadutsa cha m'ma 7:20, ndiye tiyenera kukhala titawasambitsa pofika 7. Ndikuuzani Lachinayi madzulo.